Sefa ya Mpweya Imene Ndinakhoma Ndekha

Ine ntchito yanga ndi yokhoma malata. Ndowa, mbaula, makheni othirira nazale, ndi mapaipi a m'mabani ochizira fodya. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, koma chiyambire palibe munthu amene anabweza ndowa yanga kuti ikudontha. Ndayamba ndi zimenezi kuti wowerenga adziwe kuti zomwe ndinalakwitsa pa galimoto yanga sindinalakwitse chifukwa chosowa manja.

Galimotoyo ndi ya bokosi, yakalekale, magiya ake ali pa chiwongolero. Inali ya mwini esiteti imene ndinagwirako ntchito, kumadzulo kwa Boma la Kasungu, njira ya ku Lifupa. Ndinaiona ikufika ndili mnyamata wopanda ndevu, ikunyezimira ngati mbale ya alendo. Itatopa anaiimika pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Tsiku limene ndinapuma pantchito, mwana wa mwini esiteti uja anati ndisankhe chimodzi: njinga yatsopano kapena galimoto ya pansi pa mango. Anzanga onse anati njinga. Ine ndinasankha galimoto, ndipo anaikoka ndi thirakitala mpaka pakhomo.

Pakhomo pamene ndikunenapo ndi kwawo kwa akazi anga. Ndinabwera mkamwini, ndakalambira pomwepa. Munda ndi wawo. Chigafa choyanikamo fodya ndinamanga ndine, koma chinaima pa dothi lawo. Zimene ndingatchule kuti n'zanga popanda wina kutsokomola ndi nyundo zanga, chidutswa cha njanji chomwe ndimakhomerapo, ndi galimotoyi.

Amene anaidzutsa ndi makaniko wina wa ku Nkhamenya yemwe amagwirira ntchito yake pa Boma, munthu wamfupi, wosakaniza Chitumbuka polankhula. Pamwamba pa injini panali chitini chachikulu ngati poto wa pamaliro. Amakaniko amachitcha eyakilina, sefa ya mpweya umene injini imapuma. Madzi a mvula anakhalamo zaka zonse zija za pansi pa mango, ndiye kunsi kwake kunadyeka ndi dzimbiri. Ndinachiyang'ana ndi diso la wokhoma malata, ndinaona chiwiya chowola, n'kuchiponya kudzala. Ogula zitsulo zakale anachitola. Sindinachitsegule n'komwe kuti ndione mmene m'kati mwake munalili. Makaniko anati ndifunefune china. Ndinati eya, koma sindinafune.

Kuno chilichonse timachita ndi chiguduli. Fodya timakulunga m'chiguduli, mowa amasefera m'chiguduli, pakhomo pa bafa timatchinga ndi chiguduli. Ndinadula chigamba chatsopano, ndinachipinda kanayi, n'kuchimanga ndi mphira wa chubu cha njinga pakamwa pa kabuleta, pamene mpweya umalowera mu injini. Ndinayenda nayo choncho zaka ziwiri. Chigamba chikafiira ndinkachikuntha pa bondo n'kuchibwezera. Ndinkadziona wochenjera.

Chaka chachitatu inayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi kumbuyo. Pa chitunda inkalira koma osayenda. Makaniko anabwera, anatsegula injini pabwalo, nandiitana.

"Adada, tabwerani kuno. Ndipatseni chala."

Anachilowetsa m'chibowo momwe mumayenda pisitoni. Munali mizeremizere ngati mwakanda mphaka.

"Ili ndi fumbi la kwanu lomweli," anatero. "Chiguduli chanu chija chimasefa ntchentche ndi ziwala. Fumbi limangodutsa, n'kupereka moni."

Munthu akanena zoona ndimakhala chete, koma sindimuthokoza.

Anasakasaka nthawi yaitali mpaka anapeza maling'i, timikombero tachitsulo tovala pisitoni, m'galimoto ina ya mtundu womwewu imene inafera kuseri kwa galaja. Atamanga injini anapukuta manja n'kuima patsogolo panga.

"Awa ndi otsiriza, adada. Ena kulije, olo mupite ku Lilongwe. Musailize pamsewu popanda sefa yeniyeni. Mukaidyetsanso fumbi musadzaitane ine yayi. Mudzaitane wa ng'ombe."

Mawu amenewo ndinawamva bwino. Kuno galimoto ya bokosi ikafa siitayidwa. Amaidula ndi sowo kumbuyo kwa mpando, n'kutenga bokosi, ekiselo ndi matayala, n'kuwotcherera chitsulo chokokera, basi yasanduka ngolo. Ndaonapo zambiri zikudutsa pamsewu, nambala ikadali kumbuyo, ng'ombe zikunyera pomwe panali injini.

Wa ng'ombe analipo kale. Ndi mlamu wanga, mchimwene wawo wa akazi anga, mwini mbumba pamudzi pano. Ngolo ya banja inathyoka ekiselo nthawi ya dzinja, ng'ombe zake ziwiri zinkangonenepa m'khola. M'mawa wina ndinapeza miyendo ya mlamuyo itatulukira kunsi kwa galimoto, m'manja ali ndi bango.

"Alamu, mwataya chiyani kumeneko?"

"Ndikutenga muyeso, alamu. Adzukulu asadzavutike."

"Siinafe."

"Miyezi itatu osadzuka. Akanakhala munthu bwenzi titayamba kusonkha ufa."

Anatuluka n'kusasa dothi kumsana. Akazi anga anali pakhonde akusenda mtedza. Iwo sanaseke.

"Abambo," anatero, "achimwene akuseleula, koma nkhani ilipo. Fodya wauma. Mabelo atuluka pa chiyani?"

Ndinawayang'ana onse awiri. Ndinalankhula kamodzi.

"Mabelo oyamba a chaka chino apita ku depoti pa galimoto iyi, ikuyenda yokha. Ikalephera, alamu, mubwere ndi sowo yanu. Ndidzakugwirirani ndine podula."

"Achemwali, mwamva nokha," anatero mlamu.

Tinali tikusankha fodya m'magiredi. Panatsala masabata atatu kuti tiyambe kudinda mabelo.

Ndinapita pa Boma pa njinga yobwereka. Ndinalowa m'sitolo iliyonse ya zida za galimoto. Kulikonse yankho linali limodzi: zoterozo zinatha kalekale, madala. Anandionetsa za masiku ano, zapepala, zopindapinda ngati siketi ya yunifolomu. Ina inali yaitali, boneti siikanatseka. Ina pakamwa pake sipanagwirizane. Makaniko anati ngakhale ikanakwana, m'misewu ya kwathu ikanatsekeka posachedwa, ndipo pepala silichapidwa.

"Nanga ija ndinataya inkagwira bwanji?" ndinamufunsa.

Anatola msomali n'kujambula pansi. Mbale kunsi, muli oyilo. Chitini china m'kati mwake, chosafika pa oyilo. Mpweya umalowa m'mbali, umatsika pakati pa ziwirizo, ukafika pamwamba pa oyilo umakhota mwadzidzidzi kubwerera m'mwamba. Fumbi n'lolemera, silitha kukhota, limagwera mu oyilo. Lotsala limakodwa mu waya wonyowa ndi oyilo amene ali m'chitini cham'kati. Kenako mpweya woyera umatsikira m'paipi ya pakati kupita ku kabuleta.

"Imeneyo ndi ndowa ziwiri, ina m'kati mwa inzake," ndinatero. "Ndikhoma."

"Adada, zimenezi amapanga ndi makina."

"Makinawo anawapanga ndi munthu."

Ndinali ndi lata lafulati lochindikala, lotsala pa mapaipi a mabani. Choyamba ndinafuna kudziwa mpata wa pansi pa boneti. Ndinatseka pakamwa pa kabuleta ndi nsanza, ndinaumba dongo ngati mpira n'kuliika pamwamba pake, ndinatsitsa boneti pang'onopang'ono mpaka inatseka. Nditatsegula, dongo linali litaphwatalala. Msinkhu wake ndiwo unali malire anga: chikhatho chimodzi ndi zala ziwiri.

Ndinakhoma masiku awiri. Misoko ndinapinda kawiri, ndinamenya maliveti, n'kumata ndi mtovu pamwamba pake, chifukwa injini imanjenjemera ndipo mtovu wokha umang'ambika. Za m'chitini cham'kati ndinayamba ndaganiza za sitiliwulu wotsukira mapoto. Ndinamufikisa m'manja, ananyenyeka. Tizidutswa timeneto tikanalowa mu injini likanakhala fumbi lomwelo, lachitsulo. Ndiye ndinagula waya wa sefa wa pamawindo, ndinamudula mizere, ndinapindira m'mphepete monse m'kati kuti kawaya kasasololoke, ndinamufwinya, n'kumupakiramo.

Panatsala polowera mpweya. Makaniko anajambula mpata wotseguka kuzungulira chiwiya chonse. Mtima wanga unakana. Chiwiya chokhala ndi mpata wolowa chala ndi chiwiya chosatha kukhoma. Ndinaganizanso kuti mpata waukulu ulowetsa fumbi lambiri. Ndiye ndinatseka bwinobwino pamwamba ponse, n'kuboola timabowo ndi msomali, mizere itatu, monga ndimaboolera mutu wa kheni kuti madzi agwe mofewa pa mbande. Mbale ya kunsi ndinaithira madzi n'kuisiya theka la tsiku. Siinadonthe.

Chinaoneka bwino chiwiyacho. Ndinachimanga pa injini, ndinathira oyilo, ndinaliza. Injini inadzuka, inayenda pang'ono, koma nditaponda mafuta inatsamwa, kumbuyo kunatuluka utsi wakuda bii, n'kuzima. Ndinalizanso. Chimodzimodzi. Mlamu anali m'chigafa ndi mbumba yake akusankha fodya. Anasuzumira.

"Alamu! Fodya wathu ndi wa bale, amauma ndi mphepo. Utsiwo mukuchiza wa yani?"

M'chigafa monse anafa nalo phwete.

Ndinamasula mapulagi, anali akuda ngati kunsi kwa mphika. Ndinawatsuka. Ndinaonjezera mzere wa timabowo. Inachitako bwino pang'ono, n'kutsamwanso. Masiku anayi ndinawataya motero, ndikuonjezera timabowo ngati munthu wothira mchere m'ndiwo zopserera. Makaniko sindinamuimbire. Anali atandionetsa kale, ine n'kuchita zanga.

Masana a tsiku lachinayi akazi anga anabwera ndi tiyi, nakhala pa chitsa.

"Kodi abambo, mukulimbana ndi galimoto kapena ndi achimwene?"

"Ndi fumbi."

"Chabwino. Koma ikakana, n'chitsulo ichi. Inu simudulidwa nayo limodzi."

Ndinamwa tiyi. Sindinawauze kuti pamenepo alakwitsa.

Chimene chinanditsegula maso ndi ntchito yanga yakale. Ku esiteti, tikamanga mapaipi m'bani, tinkawayesa ndi utsi tisanaikemo fodya. Tinkayatsa udzu wauwisi pakamwa pa ng'anjo n'kumaona mmene utsi ukulowera. Bani yokoka bwino, utsi umalowa wonse pamodzi, mwaulesi, ngati ng'ombe zolowa m'khola lawo. Bani yotsamwa, utsi umaunjikana pakhomo, wina n'kubwerera. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito anali ndi lamulo limodzi, lakuti njira ya utsi isachepe paliponse. Ukapanikiza pokhota pamodzi, bani yonse yafa, ngakhale misoko yako ikongole chotani.

Ndinatenga chigamba chonyowa, ndinachiyatsa mpaka chinangofuka popanda lawi, ndinaliza injini, n'kuchifikitsa pafupi ndi timabowo tanga. Utsi unalowa ngati ulusi, wowonda, wothamanga, timabowo tikuimba likhweru. Wambiri unangoyendayenda kunja. Injini inkapuma ngati munthu womutseka mphuno ndi pakamwa n'kumupatsa kaudzu kuti apumiremo. Mpweya ukachepa imakoka petulo wambiri, ndiwo utsi wakuda uja. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutseka mabowo. Apa panafunika kusiya bowo, ndipo manja anga sankadziwa.

Tsono mpatawo ukule bwanji? Masamu oyezera zozungulira sindinawafike. Ndinachita motere. Ndinadula kachidutswa ka paipi kofanana ndi pakamwa pa kabuleta, kotalika chala chimodzi chopingasa. Ndinakaimika pa thabwa, ndinadzazamo mchenga wosefa, ndinasalaza pamwamba, n'kukhuthulira m'kapu. Umenewo unali muyeso wa pakamwa pake. Kenako ndinadula mikombero iwiri ya lata, yotalika chala chomwecho, ndinaika wina m'kati mwa unzake, n'kuthira mchenga mumpata wa pakati pake. Ndinafuna kuti mpatawo umwe muyeso uja kawiri, chifukwa mpweya wokhota umatopa. Poyamba unamwa kamodzi ndi theka. Ndinachepetsa mkombero wam'kati mpaka unamwa kawiri. Pokhotera, pakati pa oyilo ndi mlomo wa chitini cham'kati, ndinasiya mpata wofanana ndi womwewo.

Chiwiya choyamba chija sindinachikonze. Ndinachiphwanya ndi nyundo kuti ndisachionenso. Chachiwiri chinanditengera masiku atatu, ndipo tsiku lachiwiri jeke yodindira mabelo inafika pamudzi. Ndinkaimva ikulira kuseri kwa chigafa pamene ine ndikukhoma. Kunsi kwa mbale ndinakumenyera pa chitsa chokumbika kuti kukhale koloza pansi, matope azisonkhana pakati. Mapewa anga si akale. Ndikamenya pang'ono ndinkapuma, ndikapuma ndinkayang'ana mzere kawiri chifukwa maso nawonso anayamba kunama. Chivundikiro ndinachikhoma chotambalala ngati chipewa, n'kuchiimika pa timiyendo titatu, kuti mpata ukhale kunsi kwake ndipo madzi asagweremo. Pamene chiwiyacho chimakhalira pa kabuleta ndinaikapo chikopa chodula ku lilime la nsapato yakale. Nditatha ndinatseka mipata yonse ndi nsanza, ndinauziramo utsi monga timachitira ndi mapaipi, n'kuyang'ana msoko uliwonse. Kautsi kanatuluka pamodzi pokha, pakhosi pa paipi ya pakati. Ndinamatapo.

Oyilo ndinathira wambiri poyamba, injini inamukoka, kumbuyo kunafuka koyera. Mlamu anafunsa ngati tsopano ndayamba kutcheza kachasu. Ndinachepetsa, ndinapeza pomwe ayenera kulekezera, ndinamenyapo mzere m'kati mwa mbale. Ndinaliza. Inalira mawu ake akale, amene ndinkawamva ikamatuluka pageti la esiteti. Ndinaponda mafuta, inayankha. Ndinazungulira nayo bwalo la mpira kawiri. M'chigafa munalibe woseka.

Tinadinda mabelo asanu. Tsiku la kalabu yathu ya alimi lopereka fodya ku depoti linali Lachinayi, ndipo amalandira mpaka dzuwa lifike pamutu. Wochedwa amabwerera nawo. M'mawa mwake kunali mwera, wozizira, wouma, wonyamula dothi la m'minda yokolola kale. Mlamu anabwera atavala buluku la kutchalitchi n'kukhala pa mpando wa kumanzere.

"Ndikupita nawo monga mboni," anatero. "Komanso ndikufuna ndimve mmene ekiselo yanga ikuyendera."

Msewu wa kwathu m'nyengo imeneyi ndi ufa wofiira. Malole a fodya amaupera tsiku ndi tsiku. Tinapezeka kumbuyo kwa lole ina imene inakana kutipatsa mpata, tinadya fumbi lake mtunda wautali, phiri la Kasungu osaoneka. Mlamu anamanga mpango pamphuno. Ine khutu linali pa injini. Inkayenda bwino.

Tinatsikira kudambo, kumene msewu uli ndi timabampu tondondozana, togwedeza mano. Titawoloka, pa chitunda cha tsidya lina, mphamvu zinayamba kutha. Ndinatsitsa giya. Inatsamwa monga tsiku loyamba lija. Pagalasi ndinaona utsi wakuda. Inazima tili pakati pa chitunda.

Mlamu anatsika n'kuika mwala kutayala popanda womuuza. Ndinatsegula boneti. Ndinamasula sefa yonse, ndinaiika pambali, ndinaliza kamodzi kuti ndidziwe kumene kuli vuto. Inalira bwinobwino. Ndinazimitsa msanga, n'kuvundikira pakamwa pa kabuleta ndi chipewa changa.

"Ndiye ndi chitini chanucho," anatero mlamu. Anayang'ana dzuwa. "Alamu, chiikeni kumbuyo tizipita. Patsala pang'ono. Mabelo afika, mawu anu akwanira. Ine sindikauza munthu."

Sanali kuseka. Ndikhulupirira ananena mondimvera chisoni, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa nthabwala zake zonse. Ndinayang'ana kutsogolo. Lole ina inkabwera, fumbi lake litaima kumbuyo ngati khoma. Kuchokera pamenepo kukafika ku depoti n'kubwerera kunyumba, injini ili kukamwa yasa, maling'i otsiriza aja akanadya fumbi lokwana kuwamaliza. Mabelo akanafika, inde. Sowo ikanangochedwerapo.

"Khalani pansi, alamu. Tambasulani miyendo."

Ndinamuika sefa pamiyendo. Tinadikira fumbi la lole lidutse, n'kutsegula. Vuto ndinaliona nthawi yomweyo, ndipo linali langa. Waya wa sefa uja ndinangomupakira, sindinamuikire chomugwira kunsi. Timabampu ta kudambo tinamugwedeza mpaka anatsetsereka, nakhala mu oyilo, n'kutseka pokhotera mpweya. Oyiloyo anali atafiira kale, wokandapala ngati phala.

Panafunika waya wolimba wopingasa kunsi. Ndinalibe. Ndinayang'ana kuseri kwa mpando ndi m'bokosi: masipanala, pulayala, nyundo yaing'ono, botolo la oyilo, ndi ndowa ya madzi a injini. Ndowayo ndinakhoma ndekha, chogwirira chake ndi waya wochindikala. Ndinachizula, ndinachiwongolera pa mwala, ndinachidula pawiri. Ndinaboola mabowo anayi m'munsi mwa chitini cham'kati, ndinakweza waya wa sefa, ndinapingasa zidutswa ziwirizo ngati mtanda kunsi kwake, n'kupinda nsonga. Mlamu anapanira chitini pakati pa mawondo pamene ndinkaboola. Oyilo anamudonthera.

"Alamu, buluku ili ndi la Mgonero!"

"Gwirani zolimba."

"Mukadzafa inu ndidzavala chiyani pamaliro?"

"Mudzavala chiguduli. Gwirani."

Oyilo wamatope ndinamukhuthula, ndinapukuta mbale ndi udzu, ndinathira watsopano mpaka pa mzere. Chipewa changa chija ndinachichotsa pa kabuleta sefa itafika kale pamwamba pake. Ndinamanga, ndinaliza. Inakwera chitunda chija pa giya yachiwiri, itanyamula mabelo asanu ndi nkhalamba ziwiri.

Tinafika dzuwa litatsala pang'ono kuima pamutu, geti likadali lotsegula. Otsitsa mabelo anaizungulira galimoto, wina anafunsa ngati ndi ya nthawi ya atsamunda. Mabelo analandiridwa. Koma kwa ine nkhani inali isanathe. Kufika si umboni. Ndi chiguduli chomwe ndinkafika.

Titabwerera ndinaimika pakhomo, ndinaitana akazi anga. Ndinamasula sefa pamaso pa onse awiri. Ndinatulutsa mpango woyera m'thumba, ndinaukulunga ku chala, ndinapisa m'khosi mwa kabuleta n'kupukuta kuzungulira. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ukatuluka wofiira ndinena ndekha kuti adule, chifukwa galimoto yodya fumbi ndi yakufa kale ngakhale ikuyenda. Ndinautulutsa n'kuupereka kwa mlamu ndisanauyang'ane.

Anautambasula. Anautembenuza. Anaununkhiza.

"Petulo yekha," anatero.

Akazi anga anatenga mbale ya oyilo, anapisamo chala, anatulutsa matope ofiira. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, anapukuta chala ku chitenje n'kulowa m'nyumba.

Mlamu anakhala pa chitsa n'kumayang'ana buluku lake.

"Chabwino, alamu, yapulumuka. Sindiigwiranso. Koma ngolo kulibe. Mabelo anga ali m'chigafa. Chimanga cha achemwali aang'ono chikadali kumunda. Wokana ndi ekiselo ndiye ngoloyo."

Ankanena zoona.

Kuyambira chaka chimenecho galimoto yanga imanyamula za mbumba yonse. Mabelo, chimanga, feteleza, mitengo ya zigafa, odwala opita kuchipatala, amayi opita ku zinkhoswe. Petulo amathira eni katundu. Woyendetsa ndine ndekha, kiyi sindipatsa munthu. Ulendo uliwonse ndikabwera, ndisanasambe m'manja, ndimamasula mbale, ndimataya matope, ndimatsuka waya ndi palafini, ndimathira oyilo mpaka pa mzere. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo maulendo anachuluka kuposa mmene ndinkafunira. Ndinavomera ndekha.

Nthawi ya nazale itafika, mlamu anabwera m'mawa kuti tikatute manyowa a m'khola kupita kudimba. Ndinakana. Anati ngolo sisankha katundu. Ndinati ngati pali mlandu aitane abale tikambirane pabwalo. Sanaitane. Manyowa amatuta pa wilibala mpaka lero.